Sabata ya mavavu opanda pepala loyenera

Kampani yathu ndi yaing'ono, ili kufupi ndi Sliedrecht ku Netherlands. Sitimanga sitima ayi. Timagulitsa mavavu, mapaipi ndi mapampu kwa amene amamanga, ndipo ntchito yanga ndi kuonetsetsa kuti katundu wafika pa tsiku lomwe tidasainirana. Makampani ngati athuwa ndi ambirimbiri m'mbali mwa mitsinje ya Merwede ndi Noord, ndipo ndi amene amadyetsa mayina akuluakulu omwe anthu amawadziwa, monga omanga sitima Damen wa ku Gorinchem ndi Royal IHC wa ku Kinderdijk.

Lolemba m'mawa tidatsegula mabokosi ochokera ku fakitale ina ya kunja kwa dziko. Mavavu adali bwinobwino, opentedwa, okwana. Vuto lidali m'envulopu. Oda yathu idafuna setifiketi ya 3.2, iwo adatumiza ya 3.1. Kwa munthu wapadera ndi kadontho chabe, koma 3.1 ndi umboni wa fakitale yokha kuti chitsulo chake ndi chabwino, pamene 3.2 imafuna kuti woyendera wa kunja kwa fakitale naye aone ndi maso, asaine. Pafupifupi sitima iliyonse yamalonda imamangidwa pansi pa malamulo a bungwe lotsimikiza kuti sitima yamangidwa bwino, ngati Lloyd's Register, Bureau Veritas kapena DNV, ndipo pa mapaipi ena a m'chipinda cha injini vavu lopanda pepala loyenera silikwera m'sitima, kaya likhale lokongola chotani.

Chomwe chidatithina kwambiri ndi nthawi. Chigoba cha sitima yofuna mavavuwo chidali kale panjira, chikukokedwa kuchokera ku Romania. Umu ndi mmene malonda akuno amayendera masiku ano: ntchito yambiri yodula ndi kuwotcherera zitsulo imachitikira ku Romania, Poland kapena Vietnam komwe malipiro ndi otsika, kenaka chigoba chimabwera kuno kudzaikidwa injini, mawaya, mapaipi ndi makompyuta. Damen ali ndi malo ake omangira ku Galați ku Romania, pa mtsinje wa Danube. Ndalama zenizeni zili m'zimene zimalowa m'kati, ndiye chigoba chikangomangidwa padoko aliyense amafuna katundu wake tsiku lomwelo. Mukachedwa inu a mavavu, woika mapaipi akhala, wopenta akhala, ndipo m'kontrakiti muli chindapusa chowerengedwa pa kuchedwako.

Lachiwiri ndidaimbira mayi wogula katundu ku kampani yomanga sitimayo. Ndidayamba ndi moni ndi kufotokoza mbiri ya nkhaniyo, iwo adandidula pakamwa.

"Zifukwazo zisungeni. Mundiuze tsiku."

Nditangofika kuno mawu otere ankandiwawa usiku wonse. Pano ndimawakonda. Mdatchi akakuuza kuti ntchito yako sidamusangalatse, watha pomwepo, sakakunena kwa bwana wako mwamseri, ndipo mawa mumwa khofi limodzi. Chimene sakhululuka ndi kumubisira vuto mpaka tsiku litakwana. Tidagwirizana kuti woyendera abwere kwathu, atengeko zidutswa zokayeza chitsulo ku labotale, mavavuwo ayesedwenso iye akuona.

Lachitatu ndiye tsiku lomwe ndingalifotokoze mpaka kutopa. Woyenderayo adafika pa njinga, bambo wachikulire, atanyamula tochi ndi buledi wa tchizi m'chikwama. Adagwada pa vavu lililonse, kuwalitsa tochi pa nambala yodindidwa m'chitsulo, kuifananiza ndi ya papepala, chilembo ndi chilembo. Kenaka anyamata a ku wekishopu adatseka vavu mbali zonse, kudzaza madzi, kupopa mpaka mphamvu idapitirira ndi theka pa imene vavulo lidapangidwira. Zikatero palibe woyankhula. Maso onse amakhala pa muvi wa geji yoyezera mphamvu ya madziwo. Ukangotsika pang'ono, ndiye kuti penapake pakudontha. Pa vavu lina lalikulu muvi sudasunthe, koma bamboyo adapukuta m'khosi mwake ndi kapepala kofewa, kapepalako kadanyowa. Adangolemba mtanda ndi choko, n'kupita pa lotsatira. Ena onse adadutsa.

Lachinayi ndidakwera Waterbus, boti lonyamula anthu pa mitsinje, kupita kwa kasitomala kuti tikaone vavu lakanidwalo likhala pati m'sitima, mwina malo ake angadikire. Ulendo wa pa Noord ndi sukulu paokha: mashedi aatali a ku Kinderdijk komwe amamanga sitima zokumba mchenga pansi pa madzi, ndi a Oceanco ku Alblasserdam komwe kumatuluka maboti a anthu olemera mopanda manyazi. Luso lokumba mchenga lidakulira kuno chifukwa dzikoli lakhala likulimbana ndi madzi kuyambira kale, ndipo Boskalis ya ku Papendrecht ndi Van Oord ya ku Rotterdam adalitenga n'kukagulitsa dziko lonse. Maasvlakte 2, mbali ya doko la Rotterdam yomwe idatsegulidwa mu 2013, ndi mchenga wothiridwa m'nyanja.

Kapitawo wa mapaipi adanditsitsira m'chipinda cha injini cha sitima ina yofanana ndi ikubwerayo. Izi zimatheka chifukwa ambiri adatengera nzeru yomwe Kommer Damen wa kampani ya Damen adayamba nayo mu 1969, yomanga sitima zofanana pa pulani imodzi m'malo moyamba chilichonse mwatsopano. Kwa ife ogulitsa zida, maoda sasowa, koma mtengo amaufinya mpaka madzi, poti akudziwa bwino zomwe adalipira chaka chatha. Kapitawoyo adaloza pakona: vavulo limalowa mochedwa, pambuyo pa mapampu. Tidapeza sabata imodzi yopumira, ndipo adaitsimikiza pa imelo ndisanafike n'komwe pokwerera boti.

Lachisanu zotsatira za ku labotale zidabwera zabwino, woyendera adasaina, lole idanyamula. Madzulo tidakhala m'khitchini ya ofesi ndi zakumwa ndi bitterballen, timipira tokazinga ta nyama, bwana wamkulu akutsuka yekha matambula, tikukangana ngati kampani ilipire malo ku Europort, chionetsero cha zamasitima cha ku holo ya Rotterdam Ahoy chomwe chimachitika pa zaka ziwiri zilizonse. Ine ndidavotera kuti tipite. Fakitale ija yalonjeza vavu latsopano Lachitatu likudzali, ndipo ndawauza kuti ayambe atumiza setifiketi pa imelo, bokosi lisanachoke.