Zikomo alamu anga, amene munandiphunzitsa kumvera yankho la kernel

Dzulo masana ndinaima pamaso pa aphunzitsi atatu kuwaonetsa shell yaing'ono imene ndinalemba m'chinenero cha makompyuta cha C. Shell ndi pulogalamu imene imalandira malamulo amene munthu walemba pa kiyibodi n'kuwayendetsa. Mmodzi wa iwo anakokera kiyibodi kwa iye, nalemba lamulo lolumikiza mapulogalamu atatu ndi pipe, njira imene zotuluka mu pulogalamu imodzi zimalowera mu inzake, ndipo yankho litatuluka, shell inabwereranso kudikira lamulo lina monga mmene iyenera kuchitira. Ndakhoza. Ambiri a inu mukudziwa kuti phunziro la Sistemas Operativos, lonena za mapulogalamu oyendetsa kompyuta, ndinalilephera chaka chatha, m'mwezi womwe tinaika bambo m'manda kwathu ku Angónia, ndipo mukudziwanso za laputopu imene inazimiratu m'kutentha kwa Okutobala kuno ku Tete ntchito ili pakati. Zimenezo sindizibwerezanso. Ndikulemba usiku uno maso akulemera, chifukwa ndikadikira mpaka nditapuma, mawu ena amene ali pamtima adzakhala atazirala.

Poyamba ndithokoze Mulungu amene anandisunga ndi moyo ndi nzeru m'miyezi imene ndinkadzuka osadziwa chimene ndadzukira. Ndithokozenso amayi, amene anagulitsa matumba a kachewere omwe anali oti asunge mbewu kuti ndilipire kubwereza phunziroli, ndipo tsiku limene ananditumizira ndalamazo pa M-Pesa sanatchule n'kamodzi komwe za kulephera kwanga, anangofunsa ngati ndikudya. Achemwali anga, munandipatsa malo m'nyumba yanu ndipo munkandisiyira nsima yovundikira ngakhale ndinkafika patebulo ana atagona kale. Mulungu akubwezereni koposa.

Koma mawu ambiri usiku uno akupita kwa alamu anga, amuna a achemwali. Iwo amagwira ntchito yausiku ku Moatize, yoyang'anira maseva, ndipo m'mawa akaweruka amakwera chapa, kuoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, n'kufika kunyumba thupi likufuna tulo basi. Kwa miyezi itatu, m'malo mogona, ankayamba akhala nane pakhonde kwa ola limodzi kapena awiri dzuwa lisanakwiye. Laputopu yanga itafa, anatulutsa kompyuta yakale imene inali pansi pa bedi, anaipukuta fumbi, anaikamo Debian, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, wopanda zithunzi zilizonse, wa terminal yolembapo malamulo yokhayokha, ndipo anati imeneyo ikukwanira pa zonse zimene ndikufuna kuphunzira. Sananame.

Tsiku loyamba ndinawaonetsa pulogalamu yanga yokopera fayilo. Chaka chonse choyamba ndinazolowera fopen ndi printf, malangizo a C otsegulira fayilo ndi olembera mawu, moti ndinkaganiza kuti zimenezo ndiye zimalemba pa disiki. Alamu anandifotokozera modekha kuti pulogalamu wamba siiloledwa kukhudza disiki, kiyibodi kapena makumbukidwe a pulogalamu inzake payokha, koma imapempha kernel, chimake cha pulogalamu yoyendetsa kompyuta, ndipo pempho limenelo ndilo system call. Pansi pa fopen pali open, pansi pa printf pali write. Anandiuza kuti ndiyendetse pulogalamuyo kudzera mu strace, ndipo pasikirini panayamba kutsika mizere ya mapempho onse amene inkapereka. Ine maso anga anali kumanzere, kumene kuli mayina a mapemphowo. Iwo anaika chala chawo, chimene chili ndi chipsera cha chitsulo chowotcherera mawaya, kumapeto kwa mzere kudzanja lamanja, pamene panalembedwa nambala 3, nati, "Alamu, inu mumadziwa kupempha, koma simumva chimene mwayankhidwa. Werengani apa." Nambala 3 imeneyo inali file descriptor ya fayilo yanga, nambala imene kernel imapatsa pulogalamu kuti izitchulira fayilo imene yatsegula, ndipo inayambira pa 3 chifukwa 0, 1 ndi 2 zimakhala zitatengedwa kale ndi polowera mawu, potulukira mawu ndi potulukira madandaulo a pulogalamu. Ndinali nditaziloweza m'kalasi kuti ndikalembe mayeso, koma m'mawa umenewo ndi pamene ndinaziona ndi maso.

Kuyambira pamenepo cholakwa chilichonse chimene tinkapeza chinkabwerera pa chala chomwecho. Mafayilo amene ndinkakopera ankatuluka aakulu kuposa enieni, ali ndi zinyalala kumapeto, chifukwa ndinkapempha read kuti indiwerengere mabayiti 4096, kenako n'kulemba onse 4096 osayang'ana kuti yandipatsa angati. Read imabweza chiwerengero cha mabayiti amene yawerengadi, imabweza 0 ikafika pamapeto a fayilo, ndipo ikabweza -1 ndiye kuti china chake chalakwika ndipo chifukwa chake chili mu errno. Nayonso write ikhoza kulemba ochepa kuposa amene mwaipatsa, choncho pamafunika kubwereza mpaka onse atha. Ndinkatsegula fayilo yatsopano ndi O_CREAT osapereka zilolezo zake, kenako n'kumadabwa kuti bwanji fayilo imene ndaipanga ndekha ikundikaniza kuitsegula, mpaka pamene anandionetsa malo oika 0644, nambala ya zilolezozo. Sanandilembere mzere uliwonse. Ankangoti nditsegule gawo lachiwiri la man, buku la malangizo la mu kompyuta momwemo, kumene kumafotokozedwa ma system call, nditsike mpaka pamene akunena za zimene pempho limabweza, ndipo ndiwerenge mokweza iwo akumwa tiyi.

Tsiku lina magetsi anathima pulogalamu yanga yosunga zolemba itangomaliza kulemba, ndipo atabwerera ndinapeza fayilo ilibe kanthu. Zakale ndinali nditazifufuta ndekha potsegula ndi O_TRUNC, ndipo zatsopano zinali zisanafike pa disiki. Ndinakhala chete nthawi yaitali. Alamu atafika anandifotokozera kuti write ikabweza bwino, tanthauzo lake ndi lakuti kernel yalandira, osati kuti disiki yasunga, ndipo amene akufuna chitsimikizo amaitana fsync. Anandionetsa njira imene iwo amadalira kuntchito kwawo, yolemba kaye mu fayilo ina yongoyembekezera, kuchita fsync, kenako n'kuipatsa dzina la fayilo yeniyeni ndi rename, kuti magetsi akathima munthu atsale ndi zakale zathunthu kapena zatsopano zathunthu. Kwa ife amene magetsi amatithimira mosayembekezera, ine ndikuona kuti phunziro limeneli liyenera kubwera koyambirira, osati kumapeto kwa buku.

Chimene chinandigwetsa chaka chatha chinali fork, pempho limene pulogalamu imadzigawira pawiri, ndipo ndinkachiopa. Mutu wanga unkakana kuti pempho limodzi lingabweze kawiri. Alamu anajambula pachikuto cha kope mzere umodzi wogawikana pawiri ngati mphanda, nati kuchokera pamenepo pali ma process awiri, ndiko kuti mapulogalamu awiri amene akugwira ntchito, kholo ndi mwana, oyenda pa malangizo amodzimodzi, ndipo chowasiyanitsa ndi yankho lokha: mwana amalandira 0, kholo limalandira nambala ya mwanayo. Mwana akaitana execvp amavula pulogalamu imene anabadwa nayo n'kuvala ina, ndipo ikatheka, execvp siibwereranso. Ine ndinali ndisanaganizire chimene chimachitika ikalephera. Ndikalemba lamulo molakwitsa, mwana ankapitirira kutsika m'malangizo n'kusanduka shell yachiwiri, kholo lili kudikira, kotero kuti ndikalakwitsa kawiri ndinkayenera kulemba exit katatu kuti nditulukemo. Mankhwala ake anali mizere iwiri yokha, perror yonena cholakwacho ndi _exit yothetsa mwanayo, pansi pa execvp. Kenako panabwera nkhani ya ana amene amaliza ntchito koma kholo silinaitane waitpid kuti limve mmene athera. Anandionetsa mu ps, lamulo loonetsa ma process amene alipo, mmene amatsalira m'ndandanda ali ndi chilembo Z, osagwira ntchito koma osachoka, mpaka kholo litawafunsa.

Pali m'mawa umodzi umene sindidzauiwala. Ndinafunsa kuti nanga kholo likafa mwana akadali moyo zimatha bwanji. Alamu anayankha monga mwa nthawi zonse, kuti mwana wamasiye sasiyidwa yekha, kernel imamupereka kwa process nambala 1, imene imamutenga ngati wake ndipo ndi imene idzamudikire pamapeto. Atangomaliza kunena, tonse awiri tinazindikira chimene chalankhulidwa. Iwo anayang'ana kumbali, kumtengo wa mango, ine ndinayang'ana pa kiyibodi, ndipo palibe anaonjezera mawu. Patapita kanthawi anangoti tiyese, tiphe kholo n'kuona chimene getppid, imene imanena nambala ya kholo, ibweze mwa mwana. Tinayesa, ndipo pa kompyuta yakaleyo panatuluka 1. Alamu, simunandilonjeze kanthu pamaliro paja, pamene ambiri ankalankhula zambiri pamaso pa anthu, koma munachita. Ndinu amene munanditenga.

Mayesero aakulu anafika patatsala masabata awiri kuti ndipereke ntchito. Ndikalemba ls, yotulutsa mayina a mafayilo, kulumikiza ndi sort, yosanja mizere, shell inkangoima, osatulutsa kanthu, osafa, osadandaula. Ndinakhala masiku atatu pa vuto limeneli, thukuta likudontha pa tebulo, ndikusinthasintha dup2, imene ndinkalumikizira mapulogalamu ku pipe, popanda chosintha. Ndikukhulupirira kuti alamu anaona cholakwacho tsiku loyamba lomwe, chifukwa ndinawaona akumwetulira pang'ono n'kubweza mpando kumbuyo, koma sananene. Kunena zoona ndinawakwiyira mumtima, ndipo ndikupepesa pano pamaso pa onse. Tsiku lachitatu anandiuza kuti ndiyendetse strace yotsata ana omwe, ndipo tinaona kuti ls yamaliza kalekale, pamene sort yaima pa read, ikudikira. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Ikudikira kuti ndani asiye kulankhula?" Anandilozera ku /proc, kumene munthu amatha kuona ma file descriptor onse amene process yagwira, ndipo pamenepo ndinaona kuti mbali yolembera ya pipe inali yotsegulabe mwa kholo, komanso mwa sort mwiniwakeyo, amene anaitengera pobadwa. Wowerenga pa pipe salandira 0 wosonyeza mapeto pokhapokha onse amene agwira mbali yolembera ataitseka. Sort sikanatha kusanja mizere isanadziwe kuti yatha, ndipo inali kudikira pakamwa pamene iyo yomwe inagwira. Ndinaonjezera close m'malo oyenera, ndipo mayina a mafayilo anatuluka atasanjika bwino. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha kumeneko kunali kwa alamu, osati kwanga. Akanandiuza tsiku loyamba, dzulo ndikanasowa chonena pamene mphunzitsi analoza mzere womwewo n'kufunsa chifukwa chimene ndatsekera pamenepo.

Usiku umenewo asanapite kuntchito anandiuza kuti open, read, write, fork ndi wait zinalembedwa kale m'buku loyamba la malangizo a Unix, pulogalamu yakale yoyendetsa makompyuta, la 1971, la Ken Thompson ndi Dennis Ritchie ku Bell Labs, ndipo pipe inaonjezedwa mu 1973 potsatira ganizo la Douglas McIlroy. Anati zinthu zimenezi n'zakale kuposa iwo ndi ine, ndipo chimene ndavutikira kuchimvetsa pa kompyuta ya pansi pa bedi ndi chomwecho chimene chikuyendetsa maseva amene iwo amawalondera usiku. Mawu amenewo anandilimbitsa kuposa mmene iwo akudziwira.

Kwa anzanga awiri a m'kalasi amene tinkayesera limodzi ma shell athu Loweruka, aliyense akuyesetsa kugwetsa wa mnzake ndi malamulo opotoka, zikomo kwambiri. Cholakwa cha printf imene inkatuluka kawiri tikatumiza zotuluka ku fayilo munachipeza ndinu, ndipo fflush ya patsogolo pa fork, imene inakonza vutolo, ndi yanu. Kwa amene munandiitana pambali kundiuza kuti pali ntchito yolembalemba kale imene ndingagule ndi ma metical ochepa, ndinakumvani, ndipo sindikusungirani mangawa. Alipo enanso, ena a magazi amodzi ndi ine, amene pamaliro ananena kuti ndisadandaule za sukulu, koma chiyambire mwezi umenewo foni yanga saiyankha, ndipo nditalephera anatumiza uthenga kwa amayi kuti ndibwerere kumudzi ndikagwire khasu. Khasu sindilinyoza, ndi limene landilipirira sukulu. Ndikungofuna adziwe kuti ndakhoza, ndipo akafuna kudziwa amene anaima nane, awerenge pamwambapa.

Loweruka ndikwera chapa kupita ku Ulónguè kuti ndikawauze amayi pamaso, ndipo tikapita limodzi kumanda a bambo. Ndinafuna kubweza kompyuta ija koma alamu akana, akuti ikhale panga mpaka nditapeza wina wa m'kalasi lotsatira amene alibe pogwirira. Ambuye awapatse mphamvu pa ntchito yawo yausiku, awatchinjirize pamsewu wa Moatize m'mawa ndi madzulo, ndipo ana awo adzapeze munthu wowakhalira pakhonde monga iwo anandikhalira ine. Shell yanga ikadali ndi chilema chimodzi chimene aphunzitsi sanachifunse: ndikasindikiza Ctrl ndi C kuti ndiimitse lamulo limene likuyenda, chizindikiro cha SIGINT chimene mabataniwo amatumiza chimapha ndi shell yomwe. Nditawauza alamu madzulo ano akuvala nsapato, anati ndiyambe ndagona, ndikabwerako ku Angónia ndiwerenge mokweza za sigaction, pempho losankhira chochita chizindikirocho chikafika, iwo adzakhala pakhonde ndi tiyi wawo.