Pabalaza panga panasanduka okala ya nsalu

Titalowa m'nyumba ya lendi ku Area 25 muno mu Lilongwe, makoma ndi amene anandisowetsa mtendere. Eni nyumba anapaka penti ya kirimu paliponse ndipo ananeneratu kuti tisayerekeze kuisintha. Ine mumtima ndinati palibe kanthu, mitundu ndiibweretsa ndi nsalu. Zitenje ndinali nazo sutikesi yodzaza: za pachinkhoswe changa, za m'maukwati a anzanga, china cha maluwa akuluakulu achikasu chimene ndinagula pamsika wa Tsoka, ndi ziwiri zakalekale za ku David Whitehead zimene amayi anandipatsa. Ndinanyamula zisanu ulendo kwa telala. Makatani chitenje, mapilo a pasofa chitenje, nsalu ya patebulo chitenje, ngakhale kovundikira TV.

Loweruka lotsatira achemwali anga anabwera kudzaona nyumba. Anaima pakhomo, maso uku, maso uku, kenako anati, "Iwe, kodi watsegula okala ya nsalu?" Zinandiwawa, koma madzulo ake nditakhala pasofapo ndinavomereza ndekha. Maso analibe popumira.

Chimene sindinaganize n'chakuti chitenje amachipanga kuti chioneke chokha. Mayi akachivala, munthu achione ali patali, tsidya lina la msewu. Tsono ine ndinasonkhanitsa zisanu zoterozo m'kachipinda kamodzi. Pachinkhoswe nyimbo amayambitsa ndi mmodzi, enawo amavomera ndi kuomba m'manja. Kwanga aliyense ankayambitsa yake, wovomera panalibe.

Ndinachotsa zonse n'kuyamba kufunafuna woyambitsa nyimboyo. Anapezeka pansi pa bedi: chithunzi chojambula pamanja chimene tinagula ku Kungoni, ku Mua, paulendo wochokera ku Mangochi. Malo amenewa anayambitsa ndi bambo Claude Boucher mu 1976, ndipo amene anafikako akudziwa luso la ojambula ndi osema akumeneko. Chathucho n'cha Gule Wamkulu ali m'bwalo, fumbi lili koboo. Mitundu yake ndi itatu yokha: kufiira kwa katondo, kuda, ndi kuyera kwa nthenga. Ndinachikhoma pakhoma lalikulu moyang'anana ndi khomo, ndipo ndinadziikira lamulo loti nsalu iliyonse yolowa pabalaza ikhale ndi mtundu umodzi mwa itatuyo.

Pa zitenje zisanu zija, ziwiri zokha ndi zimene zinapulumuka. Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chachiwiri, chimene ndimachiona kuti n'chachikulu kuposa nkhani ya mitundu: kukula kwa maluwa. Zitenje ziwiri za maluwa ofanana msinkhu zimalimbana ngakhale mitundu yake itagwirizana bwanji. Koma cha maluwa akuluakulu ofiira ndi akuda nditachiika pafupi ndi cha amayi chija, cha timadontho ting'onoting'ono toyera pakuda, zinakhalirana bwino ngati munthu ndi mng'ono wake. Kuonera pakhomo, cha timadonthocho chimangooneka ngati nsalu yotuwa yopanda maluwa. Ukayandikira ndi pamene umaona kuti nachonso chili ndi zonena. Kenako ndinawonjezera pilo mmodzi wa mizeremizere yofiira ndi yoyera. Mizere ndaona kuti siikangana ndi maluwa, kaya n'chifukwa chiyani.

Makatani ndinasoketsa a nsalu yoyera wamba, chitenje chinangokhala mkombero wa m'munsi, wotambalala ngati chikhatho. Zinandithandizanso pena, chifukwa dzuwa la mu Okutobala likanasuwitsa zitenje zanga pawindo paja. Pansi ndinayala mkeka wa mlaza wa ku Salima, ndipo pambali pa windo ndinakoloweka malichero atatu osiyana kukula. Zolukazi nazonso zili ndi mapatani ake, koma ndi aulemu, salankhula mokweza. Mbale imodzi ya ku Dedza Pottery inakhala patebulo popanda nsalu iliyonse. Thabwa la tebulolo, kani, ndi lokongola lokha, ndinkangolibisa.

Zithunzi zina zinandivuta kwambiri. Ndinali ndi cha batiki cha amayi osenza mitsuko chimene ndinagula kwa anyamata ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ku Old Town, cha ukwati wathu, cha agogo chakuda ndi choyera, ndi zidutswa ziwiri za zitenje zotsala kwa telala zimene ndinafuna kuziika m'mafelemu. Zinthu zosagwirizana m'pang'ono pomwe. Chinazigwirizanitsa ndi kalipentala: mafelemu onse a thabwa lopyapyala lopaka zakuda, ndi pepala loyera kuzungulira chithunzi chilichonse. Ndisanakhome msomali ndi umodzi womwe ndinaziyala pansi, n'kumazisuntha kwa masiku awiri, bambo akunyumba akudumpha pamwamba pake popita kukhitchini. Ndinasiya mpata wa zala zinayi pakati pa felemu ndi felemu. Ndipo chonde anzanga, tisiye kukhoma zithunzi kufupi ndi denga. Kwathu kumudzi cha agogo chinkakhala pamwamba penipeni, wochiona mpaka khosi kuwawa. Chithunzi chikhale polingana ndi maso a munthu woimirira.

Kalendala ya kutchalitchi inasamukira kukhitchini. Pamenepo panali kamkangano pang'ono.

Mayeso enieni anali apongozi anga aakazi, mayi wa Mvano wosaseweretsa. Atakhala pasofa anayang'anitsitsa chithunzi cha Gule chija nthawi yaitali osanena kanthu, ine mtima uli m'mwamba. Kenako anagwira pilo wa timadontho uja n'kunena kuti, "Mwana wanga, nsalu iyi ndinali nayo inenso, ndinaberekera amuna akowa." Za chithunzicho sanatchule, ndipo ine sindinafunse. Anangosamukira pampando wina woti chikhale kumbuyo kwawo, ndipo ndi pamene amakhala mpaka lero akabwera.

Chitenje chachikasu cha ku Tsoka chija chinakana kulowa paliponse. Ndinachiyesa kuchipinda, ndinachiyesa pakhonde, ayi ndithu. Ndinachisomola pamakatani paja, n'kupindanso m'mphepete, ndipo pano ndimachivala popita kumsika.