Leicester City inandiveka diresi la apongozi

Ife masapota a Arsenal chimatipweteka ndi pakamwa. Timu ikangowina magemu awiri otsatizana basi tayamba kale kuwerenga makapu, ndipo mu 2015 pa vidiyo sho ya kwathu ku Ndirande panalibe wamatama kundiposa ine, benchi yakutsogolo inali yanga, ofika mochedwa ankachita kudziwa kuti apo musakhalepo pali eni ake.

Leicester nthawi imeneyo tinkangoiona ngati katimu kodzadzitsira ligi. Sizoni ya m'mbuyo mwake inakhalitsa pansi penipeni pa tebulo nkudzapulumuka kumapeto itawina magemu 7 mwa 9 omaliza, kenako anamuchotsa kochi anawapulumutsayo, Nigel Pearson, nkukatenga mdala Claudio Ranieri yemwe anali atathamangitsidwa ku Greece chifukwa choluza ndi Faroe Islands, tizilumba toti anthu ake onse sakwana ndi a mu Ndirande muno. Obetchetsa a ku England anaika 5000 pa 1 kuti Leicester ingatenge ligi, kutanthauza kuti ukanaponya K100 yokha ukanatola K500,000. Ineyo mmalo moponya K100 imeneyo ndinaponya ulemu wanga, mbali inayo.

Mu September tinawapitira kwawo konko ku King Power nkuwathibula 5-2, Alexis Sanchez yekha zitatu. Nde mukuona kuti matama angawo anali ndi maziko eti. Koma anyamatawo sanatsike, anangokakamira pamwambapo ngati nkhupakupa pakhutu la galu. Jamie Vardy, munthu oti zaka zochepa m'mbuyomo amagwira ntchito mufakitale nkumasewera mpira wa mmaligi ang'onoang'ono ku Stocksbridge, amene anamugula ku Fleetwood Town ndi 1 miliyoni paundi yokha mu 2012, anayamba kugoletsa gemu iliyonse mpaka pa 28 November anakwanitsa magemu 11 otsatizana nkuphwanya rekodi ya Ruud van Nistelrooy, ndipo anaiphwanyira pa Man United yomweyo ya van Nistelrooy. Riyad Mahrez, kamnyamata koonda ka ku Algeria, kamangowakhazika pansi madifenda ndi mwendo wamanzere. Pakati pali N'Golo Kanté wamfupi uja, oti ukamudutsa apa ukamupezanso kutsogolo akukudikira.

Pa 14 December anaswa Chelsea 2-1, patangopita masiku atatu kochi wa Chelsea Mourinho ntchito inatha. Usiku wa gemu ya Chelsea ija Gary Lineker, amene anakulira ku Leicester konko nkuyambira mpira ku timu yomweyo, analemba pa Twitter kuti Leicester ikatenga ligi adzaulutsa pulogalamu ya Match of the Day atangovala kabudula wamkati. Mmawa mwake nkhani inali imeneyo kwa mnzanga wometa tsitsi, munthu wa Liverpool koma amene anali atayamba kale kunena kuti "ife a Leicester". Nde ine nditakhala pampando, mutu ometedwa theka, ndinati ah aise kabudula ndi chani, ine Leicester ikatenga ligi ndivala diresi la madamu ndi duku kumutu, ndiyende kuchoka pano mpaka pamsika ndikagule tomato, masana dzuwa likuswa mtengo.

Anazimitsa mashini. Anati amwene tabwerezani. Ndinabwereza, mokweza, ndikuyang'ana mu foni yake imene amandijambulira. Mdala wina amene amadikira kumeta ndevu anangopukusa mutu nkunena kuti achimwene, lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Ndinamuseka.

Poyamba zinkaoneka ngati zikundiyendera. Pa 26 December Leicester inaluza ku Liverpool 1-0, chaka chatsopano chinatipeza Arsenal tili pamwamba, ine nkumazungulira mmakwalala kufunsa anthu kuti kodi diresi lija mukufuna la mtundu wanji. Ranieri naye amandilimbitsa mtima, atolankhani akamufunsa za ligi amangoti ife tikufuna mapointi 40 basi kuti tisatuluke, munthu ankachita kuwagulira osewera ake pizza akamaliza gemu osachinyitsa, ungamuope kochi otero? February itangoyamba Vardy anamenya chibomba chakutali pa Liverpool, kenako anapita ku Etihad kukaphwanya Man City 3-1, difenda Robert Huth ziwiri, apa mmimba munayamba kutentha pang'ono.

Kenako panabwera 14 February. Linali Lamulungu, Valentine, ndipo ndinali nditawalonjeza madamu kuti tikaweruka ku tchalitchi tipita mtauni tikadye tchipisi ndi nkhuku. Koma gemu ya Arsenal ndi Leicester imayamba 2 koloko masana. Ndinawauza kuti ndikungokaona fesiti hafu. Vardy anagoletsa penate, ndikanachoka bwanji, Danny Simpson anapatsidwa kadi yofiira, Walcott anabweza, nde mphindi yomaliza penipeni Özil anaponya firikiki Danny Welbeck nkuipisa ndi mutu, 2-1, vidiyo sho yonse inagwedezeka benchi ina mpaka inathyoka. Ndalama ya tchipisi ija ndinagulira anthu zakumwa, ena oti sindimawadziwa nkomwe. Kunyumba ndinafika usiku ndikuimba dzina la Welbeck, ndinawapeza madamu atavula kale zovala zoyendera, anangoti nsima ili patebulopo, mawu ake ozizira bwino. Ndinkaganiza kuti nkhani yathera pompo.

Gemu imeneyo ndi yomaliza imene Leicester inaluza sizoni yonse. Ife tinapita ku Old Trafford nkukachinyidwa ziwiri ndi kamwana ka zaka 18, Marcus Rashford, kamene kamasewera gemu yake yoyamba ya ligi, kenako Swansea nkudzatimenya pakhomo pathu pomwe. Leicester inangoyamba za 1-0, 1-0, Norwich, Watford, Newcastle ndi bayisikilo kiki ya Okazaki, Crystal Palace, Southampton ndi mutu wa kaputeni Wes Morgan, kumbuyo Kasper Schmeichel atatseka golo. Wometa uja sabata iliyonse amanditumizira kavidiyo kanga komwe pa WhatsApp, opanda mawu ena alionse. Ndinayamba kukametetsa ku Chinseu.

Zinafika poti ine, mwana wa Arsenal, ndimapempherera Tottenham. Amene mumatsata mpira mukudziwa kuti limenelo ndi tchimo lotani, poti Tottenham ndi adani athu enieni a Arsenal. Pa 2 May, Lolemba 9 koloko usiku, Tottenham imayenera kuwina ku Chelsea kuti mpikisano upitilire, ndipo pofika hafu taimu inali ikutsogola 2-0, Kane ndi Son, ine kudumpha kukuwa mpaka anzanga a Arsenal anasuntha pabenchi kundisiya ndekha. Cahill anabweza chimodzi. Magetsi anathima, mwini sho akulimbana ndi chingwe cha jenereta anthu akutukwana mumdima, TV pomayaka tinangoona Eden Hazard, munthu oti sizoni yonse anali mtulo, akuipinda mpira kuulowetsa pakona yammwamba. 2-2. Anthu onse mmalo moyang'ana TV anatembenukira kwa ine.

Tinagwirizana Loweruka pa 7 May, tsiku lomwe Leicester imalandira kapu pa gemu ya Everton. Ndinayesa kunena kuti Lineker nayenso sanavulebe, anati iyeyo wanena yekha kuti ndi August sizoni ikamayamba, inu munati ikangotenga. (Mkuluyo anavuladi mu August, koma iye anali mu situdiyo ndipo amalipidwa.) Chiyembekezo changa chinali pa madamu, ndimadziwa kuti sangalole diresi lawo lizikayenda pamsika ndi miyendo yaubweya. Koma anavomera msanga modabwitsa. Anati anga onse sangakukwaneni bambo, dikirani, analowa kuchipinda nkutulutsa pansi pa sutikesi chidiresi chobiriwira cha maluwa achikasu, cha mapewa otukuka, chonunkha mankhwala a njenjete. Anandimanga okha duku, zipi yakumbuyo anachita kukoka ndi pulayala.

Panja ndinapeza gulu. Wometa anali atabwereka ng'oma, ana akuimba, akabaza akuliza mabelu, wina atalemba VARDY pa katoni nkundipachika pakhosi. Ulendo opita unayenda bwino ndithu, ndinafika mpaka poyamba kuzolowera, mphepo imalowa bwino mu diresi zoona zake. Mayi ogulitsa tomato anandiikira ndi basera, akuti mwatchena asisi.

Pobwerera, pa siteji, minibasi inaima pafupi nane kondakitala nkutsitsa thumba la mbatatesi. Kumbuyo kwa thumbalo kunatsika apongozi anga aakazi, kuchokera ku Ntcheu. Kwa amene simukudziwa, apongozi angawo ndi aja achikale, chikwatirireni mwana wawo sitinayang'ananepo mmaso, tikakumana panjira wina amapatukira kumbali, moni timapatsana chapatali nditanjuta. Nde thupi linangochita zomwe linazolowera, ndinanjuta pompo pakati pa siteji, jumbo ya tomato mmanja, ndikuomba mmanja chammbali kuti mwayenda bwanji amayi. Zipi ija inaphulika kuchokera pakhosi mpaka mchiuno. Ng'oma inasiya.

Sanandiyankhe moni. Kwa nthawi yoyamba anandiyang'ana bwinobwino, kuyambira pa duku mpaka ku masilipasi, kenako anatembenukira kwa kondakitala, poti ine sangandiyankhule mwachindunji, nkunena kuti mwana wanga tawafunsa bambowa, diresi langali ndakhala ndikulifuna chaka chonse, alitenga kuti. Kondakitala naye opanda chisoni anabwereza funsolo mokweza ngati akuitanira anthu a ku Limbe.

Thumba la mbatatesi ndinasenza ndine mpaka kunyumba, msana uli pamtunda, apongozi patsogolo gulu pambuyo. Madamu tinawapeza atasesa kale pakhomo, tiyi ali pamoto, makapu atatu. Thiransipoti anawatumizira okha pafoni Lachitatu.

Nkhani inakafika kwa ankhoswe, chifukwa apongozi anakana zoti ndi mpira, amati mkamwini ovala zovala za apongozi ake pali mankhwala, mwina akufuna kukhwimira bizinesi. Ligi itatha tinakhala pansi, iwo pamphasa ndi mwana wawo, ine pa kampando kafupi, pampando wabwino pali malume awo a madamu ochokera ku Chilomoni, mphunzitsi opuma, munthu oti sindinamuonepo akuseka. Ndinafotokoza zonse mutu uli pansi. Nditangotchula Leicester anakweza dzanja.

Anati mukuti Leicester yatenga ligi ndipo inu mumakana? Ndinati eya malume. Anavula magalasi. Kunapezeka kuti mdalayo wakhala akumvera mpira wa ku England pa BBC kuyambira ali mnyamata, anayamba kutiphunzitsa ngati tili mkalasi, kuti timu imeneyi inayamba mu 1884 ikutchedwa Leicester Fosse, kuti Gordon Banks pomwe amatenga World Cup ndi England mu 1966 anali goloboyi wa Leicester ndipo anachoka chifukwa kumbuyo kwake kumabwera Peter Shilton, kuti anafika mu fainolo ya FA Cup kanayi, 1949, 1961, 1963 ndi 1969, konseko nkuluza, ya 1969 anaimvera yekha pa wailesi ya ahedi. Zaka 132 akudikira ligi, nde atenga ndi mapointi 81, kuluza katatu kokha, kuwasiya achiwiri ndi mapointi 10, achiwiriwo ndi inuyo a Arsenal. Apongozi anakhosomola. Malume anapitiliza za Filbert Street, bwalo lawo lakale. Apongozi anakhosomolanso nkunena kuti achimwene, tabwerera diresi kuno.

Chigamulo chinali chachidule. Nkhuku imodzi yachikuda yopepesera, diresi latsopano la apongozi poti lakalelo anati sangalivalenso ngakhale litasokedwa, komanso tchipisi ndi nkhuku za madamu mtauni, zimene anazitchula okha asanafunsidwe nkomwe.

Powaperekeza malume ku siteji anayenda chete mpaka tinadutsa pa wometa paja, kenako anandigwira pamkono nkutsitsa mawu. Anati koma bambo, kochi wanu Wenger sizoni yonse isanayambe anagula Petr Cech yekha, goloboyi, kutsogolo nkusiya Giroud oti kuyambira January mpaka May sanagoletse mu ligi, inu nkumakalumbira diresi pa timu imeneyo? Mukanabwera kudzandifunsa kaye.