Ma inspekita apita, koma za Covid amafuna zolembedwa

Ahedi anzanga, mukamva kuti ma inspekita akubwera, musavutitse ana kupaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira. Ife tinapaka, sanayang'aneko n'komwe. Atangokhala pansi anaitanitsa log book (buku lolembamo zochitika za pasukulu), rejista ndi masikimu (ndondomeko za mitu yoti iphunzitsidwe pa teremu).

Nawonso akudziwa kuti sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020, a Sitandade 8 n'kubwerera pa 7 Sepitembala, enawo mu Okutobala, kenako mu Januwale 2021 n'kutsekanso. Koma ukangoti "paja kunali mliri", amagwedeza mutu osalemba kanthu. Amafuna aone pa sikimu mitu yomwe munalumpha, ndi tsiku lomwe munaibwereza. Lembani mu log book, ngakhale phunziro la masana la theka la ola.

Chondipsetsa mtima ndi kalata ya kalendala yatsopano ya sukulu. Inatipeza pa WhatsApp, ndipo tsiku la ma inspekita lisanafike ndinauzidwa kuti ya pafoni siwerengedwa, iyenera kukhala m'failo ndi chidindo. Ndinakwera kabaza mpaka pamsewu, minibasi mpaka kuboma, ndalama zam'thumba mwanga. Kufika, wosunga kiyi wa kabati ali ku workshop. Ndinakhala pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Atabwera, magetsi azima, fotokope palibe! Ndinabwerera chimanjamanja, kalasi langa litakhala tsiku lonse lopanda mphunzitsi. Pamapeto pake ma inspekita kalatayo sanaifunse.

Ndaiwala za rejista. Apa ndiye anakhalitsa. Dzina lililonse lokhala ndi mzere wofiira, funso: mwanayu ali kuti? Ena anatenga mimba sukulu zili zotseka, ena anakwatiwa, anyamata analowa maganyu. Chinatipulumutsa ndi kope la amayi a mother group (gulu la amayi am'deralo olimbikitsa ana kupita kusukulu), lothimbirira ndi utsi, momwe analemba khomo lililonse lomwe anayendera ndi zomwe makolo anayankha. Mayi mmodzi wa ma inspekitawo analiwerenga tsamba ndi tsamba. Itanani amayiwo akhalepo okha, amafotokoza bwino kuposa ife.

Ndowa zosambira m'manja anangozidutsa. M'kalasi ya Sitandade 3 analoza ana mwachisawawa kuti awerenge, ndipo ambiri anakakamira pa maphatikizo. Chifukwa chake anachimva, sanatikalipire, koma anafunsa kuti tikuchitapo chiyani teremu ino. Tinkawaphunzitsa akaweruka, inde. Umboni? Mwamwayi wachiwiri wanga ankalemba masiku ndi mayina a ana. Ndikubwerezanso, lembani mu log book, ndipo a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoni, akabwera azisayinamo.