Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mafaulo anayi

M'gawo lapitalo ndinakuuzani m'mene bondo langa lakumanzere linandikanira kudumpha. Lero ndikambe za masewera oyamba amene ndinatsogolera monga kochi wamkulu wa timu yathu ya basketball. Mpaka pano ndikamadutsa pa Great North Road n'kuona mabwalo a masewera a OYDC (Olympic Youth Development Centre) mu Lusaka, tsiku limenelo limandibwerera lonse.

Ukochi sindinaupemphe. Madala amene anatiphunzitsa kugwira mpira tili tiana ku Matero anayamba kuvutika ndi BP, ndipo adokotala anawaletsa kumakuwa padzuwa. Lachinayi lina titaweruka pabwalo anandiitanira pambali, n'kundipatsa wenzulo ndi kabolodi kawo kojambulapo mapulani, kothyoka pakona. "Mwana wanga, Loweruka ukhala pampando wanga." Anangonena zokhazo, n'kumapita kokakwera basi.

Chimene chinandisowetsa tulo sichinali mapulani ayi. Anyamata amene ndimati ndiziwalamulawo anali anzanga odyera nawo mbale imodzi. Pakati pawo panali mnzanga wa ponda apa nane ndipondepo, wa ku Kanyama, wamtali kutiposa tonse. M'mawa ankakankha wilibala ku Soweto Market, madzulo n'kubwera ku pulakatisi thukuta lisanaume. Ring'i imakhala pa mamita 3.05, koma iye ankaigwira ndi manja onse awiri osachita kuthamangira. Timu yathu inali pamapewa ake.

Kwa inu amene mumangoonera NBA pa TV, dziwani kuti kuno timatsata malamulo a FIBA, bungwe loyendetsa basketball padziko lonse. Makota ndi anayi, mphindi 10 iliyonse, ndipo ukachita mafaulo (kulakwa) kasanu watuluka, palibe zodikira kasanu ndi kamodzi ngati ku NBA. Nchifukwa chake kochi aliyense amawerenga mafaulo a munthu wake ngati ndalama za lendi.

Titangoyamba kota yachitatu, tikutsogola pang'ono, wenzulo inalira pansi pa ring'i. Refa anakweza dzanja, n'kuonetsa nambala ya mnzangayo ku tebulo la olemba zigoli. Faulo yachinayi. Zoyenera kuchita ndinkazidziwa bwino lomwe, pakuti ndinawaona madala akuzichita kambirimbiri: umamutulutsa, apume, udzamubweze m'kota yomaliza pamene masewera apsa. Ndinaimirira n'kukodola kamnyamata kamene kanali pabenchi kuti kavule jekete. Apo mnzanga uja anatembenuka, manja ali m'chiuno, akupumira m'mwamba, n'kundiyang'ana m'maso.

"Iwe, usandichotse."

Sananene kuti Ba Coach, monga m'mene anyamata onse a mu Lusaka amatchulira kochi. Anati iwe. Ine ndinakumbukira masiku amene ankandilipirira basi ndilibe ngakhale ngwee, ndipo miyendo inangozizira. Ndinakhala pansi. Kamnyamata kaja kanabwezeretsa jekete mwakachetechete.

Kochi wa timu inayo, munthu wodya zaka pa ntchitoyi, anaziona zonse. Sanakuwe. Anangokweza zala zinayi kwa osewera ake, n'kuloza pansi pa ring'i yathu. Kuyambira pamenepo mpira uliwonse unkapita kwa amene akulimbana ndi mnzangayo. Kawiri anadziletsa, n'kumulola munthu kugoletsa ulere. Kachitatu mtima unamukanika, analumpha, dzanja linagunda mkono. Anatuluka kota yachitatu isanathe.

Mphindi 10 zomaliza tinasewera ngati nkhuku zonyowa. Mpira ukagunda ring'i n'kubwerera, unkagwera m'manja mwa adani okhaokha. Chimene chimandipweteka koposa n'chakuti m'makota awiri omaliza kochi amakhala ndi ma time-out atatu, mwayi woimitsa masewera pang'ono kuti alankhule ndi anyamata ake, ndipo wosewera sangapemphe, amapempha ndi kochi ku tebulo. Ine ndinagwiritsa imodzi yokha. Ndinangoima ndi kabolodi ka madala m'manja, osalembapo kanthu, anyamata akundiyang'ana kuti ndinene chinachake. Tinaluza.

M'basi yobwerera ku Matero munalibe wolankhula, kupatula kondakitala.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinapita kwa madala. Ndinawapeza pakhonde akusenda mbatata yootcha, nkhani itawafika kale. Ndinkayembekeza kuti andikalipira za ma time-out. Iwo anandipatsa chidutswa cha mbatata, n'kufunsa kuti, "Pamene unaimirira paja, anakukhazika pansi ndani?" Ndinasowa poyambira. Ndinafuna kuwabwezera wenzulo yawo, koma anakankha dzanja langa, n'kuyamba kufunsa za amayi kumudzi ku Katete, ngati chimanga chachita bwino.

Lachiwiri ndinamuitana mnzanga uja anzake asanafike. Mawu ankanjenjemera, koma ndinanena. Ndinamuuza kuti kunja kwa mpanda uwu ndine mbale wake mpaka imfa, koma pabwalo ndikati tuluka, atuluke, ndipo Loweruka likubwerali ayambira pabenchi. Sanayankhe. Anamanga zingwe za nsapato, n'kupita kukaponya mpira yekha ku ring'i yakutali.

Milungu iwiri inatha osandipatsa moni, ndipo kunyumba kwanga anasiya kufika. Mlungu wachitatu, tili pakati pa masewera ena, anachita faulo yachitatu nthawi yopuma isanakwane. Ndisanaimirire n'komwe ndinamuona akubwera chakubenchi, akupukuta nkhope ndi jezi.

"Ba Coach, lowetsani mwana uja. Mundibweze yomaliza."