Tinahaya boti lathulathu ku Vilankulo koma wolamula anali madzi

Ine ndimaganiza kuti ukahaya boti la iwe wekha, lopanda alendo ena osawadziwa, ndiye kuti tsiku lonse mawu ndi ako, ukati tikhotere uku boti likhotera komweko. Maganizo amenewa ndi amene ndinapita nawo ku Vilankulo, tauni ya m'mbali mwa nyanja ya Indian ku Mozambique, chigawo cha Inhambane, komwe anthu amakwerera maboti opita ku zilumba za Bazaruto. Tinali anthu anayi, ine, madam, alamu anga ndi akazi awo, ndipo aliyense anali ndi chake mumtima. Alamu amafuna kuwedza nsomba zikuluzikulu za m'nyanja yamchere zija amangoziona pa YouTube, azimayi amafuna kusambira ndi magalasi n'kumaona zapansi pa madzi, ine ndimangofuna kuponda zilumba zambiri mmene ndingathere kuti ndidzakhale ndi chonena. Pa boti la gulu sizikanatheka kukwanitsa zonsezi tsiku limodzi, nde tinasonkherana n'kubukitsa lathu, la injini ziwiri kumbuyo, kaputeni ndi mnyamata womuthandiza.

Madzulo ake kaputeni anabwera kumene timagona kudzatiuza pulogalamu. Bambo wachikulire ndithu, khungu lopsa ndi dzuwa, olankhula pang'ono. Anati 6 koloko mmawa tikhale tili m'boti, osati tikudzuka, tili m'boti. Ine ndinaseka n'kunena kuti bwana kaputeni, ife tili pa holide, komanso boti talipira tsiku lonse, 8 koloko yavuta pati? Anangondiyang'ana n'kunena kuti boti ndi lanu koma madzi si anu, kenako anandionetsa pa foni kandandanda ka nthawi zimene nyanja idzadze ndi kuphwa. Sindinakamvetse ndipo kunena zoona sindinafune kukamvetsa.

Tinafika pagombe cha m'ma 8 kudutsa. Abale inu, nyanja kunalibe. Pamene dzulo lake madzulo mafunde amamenya pafupi ndi mpanda, panali mchenga wokhawokha wonyowa mpaka kutali uko, maboti a matanga aja amati dhow atagona chammbali ngati ng'ombe zotopa, ndipo boti lathu limaoneka kakang'ono kumapeto kwa mchengawo chifukwa kaputeni analisuntha kulondola madzi kuti lisatsale pamtunda. Tinayenda wapansi, zikwama pamutu, matope olowa m'zala, tinkhanu tikuthawa uku ndi uku, patapata wanga mmodzi anatsalira m'thope ndipo sindinamuonenso. Ndi m'botimo mmene mnyamata uja anandifotokozera bwinobwino kuti nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, pakati pa kudzaza ndi kuphwa pamadutsa maola 6 ndi kanthu, ndipo mwezi ukakhala wathunthu kapena wongobadwa kumene madzi amakwera kwambiri komanso amathawa kutali kwambiri. Ife tinapita mwezi uli wathunthu, usiku timachita kuuyamikira kuti koma ukuwala bwino, osadziwa kuti ndi womwewo utiyendetse m'matope.

Kuchedwa kwathu kunasokoneza zonse. Pulani ya kaputeni inali yoti tituluke madzi adakali ambiri, tidutse njira yachidule, tikawedze kunja mmamawa nyanja ili bata, kenako madzi akaphweratu tikasambire pa matanthwe a pansi pa madzi aja amati makorali, zilumba masana. Tsopano njira yachidule inali itasanduka mchenga, boti limayenda mokhotakhota kutsata ngalande zakuya, kaputeni ataimirira maso ali pamadzi osati pa GPS. Amati mchenga wa pansi umasuntha ndiye mtundu wa madzi ndi umene umanena zoona, obiriwira motuwa ndi osaya, abuluu woderako ndi akuya. Pena pake tinamva khuuu pansi pa boti, iye msangamsanga kudzutsa mainjini kuti mapulopela asadye mchenga, amuna tonse kutsika kukankha madzi ali m'chiuno. Alamu amakankha akundiyang'ana cham'mbali, sanayankhule kanthu koma ndinamva.

Ndiye tinayamba ndi kusambira, ku Two Mile Reef, matanthwe amene ali kunja kwa mpata wa pakati pa chilumba cha Bazaruto ndi cha Benguerra. Malo onsewa ndi paki yotetezedwa kuyambira 1971, kukula kwake pafupifupi 1,430 sikweya kilomita, zilumba zisanu, Bazaruto, Benguerra, Magaruque, Santa Carolina ndi kakang'ono ka Bangué, ndipo kuyambira 2017 bungwe la African Parks ndi limene likuyendetsa pakiyi mogwirizana ndi boma la Mozambique. Kulowamo pamafunika chiphaso, kuwedza chiphaso chinanso, ndipo pa matanthwe amenewa mbedza siyiloledwa n'komwe, alamu anachita kumezera malovu akuona nsomba zikudutsa pansi pa boti.

Apa mundilole ndichedwepo chifukwa ndi pamene ndinasiya kudandaula za ndalama. Ine kusambira ndimadziwa kwa pang'ono chabe, ndiye anandiveka jekete yoyandamitsa, magalasi kumaso, kapaipi kopumira mkamwa, zipsepse za pulasitiki kumapazi. Mnyamata uja anati ndilavulire malovu mkati mwa magalasi, ndipake ndi chala, nditsukuluze pang'ono, kuti asachite nkhungu. Ndinayesa akundiseka koma zimagwiradi. Nditangoviika nkhope ndinachita mantha, mpweya wanga womwe umamveka ngati wa munthu wina, fuuu fuuu m'kapaipi, madzi analowa pang'ono ndinameza, mchere wake si wamasewera, amati lita imodzi ya madzi a m'nyanja imakhala ndi magalamu 35 a mchere ndipo pakhosi panga panavomereza. Ndinadzutsa mutu kutsokomola, madam ali poteropo akuyandama phee ngati anabadwira momwemo. Kachiwiri ndinapuma pang'onopang'ono mmene anandiuzira, ndipo ndi pamene ndinaona. Nsomba ina yobiriwira ndi buluu ya mlomo ngati wa chinkhwe, amati parrotfish, imaluma thanthwe ndipo phokoso lake limamveka m'madzimo, khere khere, kenako imatulutsa kamtambo koyera kumbuyo kwake, kameneko ndi mchenga ndithu, mchenga woyera umene timaujambula zithunzi wina umachokera m'mimba mwa nsombazi. Pansi pang'ono kamba wa m'nyanja amadya zake osatilabadira, kenako anakwera pang'onopang'ono kudzapuma pamwamba, pafupi kwambiri moti ndinaona diso lake ndi mizere ya pachigoba, anapuma kamodzi n'kubwerera. Anatichenjeza kale kuti tisagwire kanthu komanso tisaponde makorali, ndi zamoyo zimenezija ngakhale zimaoneka ngati miyala, zimakula pang'onopang'ono kwambiri komanso zimacheka.

Sitinakhalitse. Patangotha mwina mphindi 40 kaputeni anaimba likhweru kuti tikwere. Ine ndimati nditsutsenso koma ndinazindikira kuti boti lili kutali kuposa pamene ndinalisiya pomwe sindinasambire kupita kulikonse. Madzi anali atayamba kubwerera ndipo amandikoka mwakachetechete. Kanthawi kamene madzi amaima, asanayambe kudzazanso, ndi kakafupi, ndipo ndi kameneko kaputeni amathamangira mmawa wonse. Mnyamata anaponya chingwe n'kundikoka ngati thumba.

Zilumba nde zinandiphunzitsa masamu a mafuta. Tinaima ku Ponta Dundo, kunsonga ya kummwera kwa Bazaruto, pamene pali phiri la mchenga wokhawokha, tinakwera dzuwa lili paliwombo ine phazi limodzi lopanda patapata, mchenga ukuotcha, kuponda katatu kubwerera kamodzi. Pamwamba ndi pamene ndinaona ngalande zija timakhotakhota mmawa, zonse zili poyera ngati mapu, madzi akulowa m'mipata ya mchenga pang'onopang'ono. Nditatsika ndinati tsopano tipite ku Santa Carolina, ndinamva kuti kuli mabwinja a hotela yakale. Kaputeni anagogoda thanki ya mafuta n'kunena kuti Santa Carolina ali kumpoto kutali, mafuta amene tinagwirizana sangatifikitse n'kubwerako, ndipo iye sabwerera kumtunda thanki ili gwaa, amasiyako ena osungira ngozi. Kulakwa kunali kwanga, pobukitsa ndinangoti zilumba, sindinatchule ziti, sindinafunse kuti mafuta awerengera mtunda wotani, kapena ziphaso za paki ndi zowedzera zili momwemo kaya ayi. Ziphasozo mwamwayi zinalimo. Benguerra tinangoponda pang'ono, Magaruque tinamuona podutsa. Penapake pamadzi osaya pomwe pansi pali udzu wa m'nyanja kaputeni anachepetsa liwiro n'kutiuza kuti tiyang'ane dugong, nyama yoyamwitsa imene imadya udzuwo, kuno ndi kumene kwatsala gulu lake lodalirika m'mbali yonse ya kum'mawa kwa Africa. Tinayang'ana mpaka maso kuwawa, sitinaone kanthu.

Kuwedza kunabwera pomaliza, nthawi yolakwika, mphepo ya masana itadzuka. Titangotuluka kunja kwa zilumba nyanja inasintha, mafunde aataliatali okweza boti n'kulitsitsa. Anaika ndodo zinayi kumbuyo, nyambo zake nsomba za pulasitiki zonyezimira zomangidwa pa kawaya, boti likuyenda pang'onopang'ono n'kumazikoka. Kaputeni amasaka mbalame, akaona zikuzungulira n'kumadziponya m'madzi ndiye kuti pansipo pali tinsomba tating'ono ndipo zazikulu zili pompo zikudya. Ine mbalame sindinazione bwino chifukwa ndinalakwitsa kuwerama kuona zithunzi pa foni, mphindi zochepa chabe nseru inayamba, malovu kudzaza mkamwa, thukuta lozizira. Mankhwala a chizungulire ndinali nawo m'chikwama koma amayenera kumwedwa usanakwere, osati zitavuta kale. Anandikhazika pakati pa boti chakumbuyo n'kundiuza ndiyang'ane kutali pamene madzi akumana ndi thambo, zinathandizako koma nditakhuthula kale zonse m'nyanja kawiri.

Ndili chigwirire chitsulo chomwecho ndinamva ndodo imodzi ikulira, ziiiiii, ulusi ukutuluka mwaliwiro ngati wakodwa ku galimoto. Alamu analumpha, mnyamata kuwamanga lamba m'chiuno woikapo tsinde la ndodo, ndodo itapindika ngati uta. Iwo amafuna kungopukusa ndi mphamvu koma kaputeni amakuwa kuti ayi, ikathamanga isiyeni ithamange, buleki ya pa chopukusira ndi imene iitopetse, ikaima kwezani ndodo pang'onopang'ono, potsitsa ndi pamene mupukuse, ulusi usakhwepe. Alamu anga amene kumtunda sauzidwa zochita amangoti chabwino bwana, chabwino bwana. Inathamanga katatu, kachitatu itangoona boti. Itafika pambali tinaona chinsomba chachitali chasiliva cha mizere m'nthiti, king mackerel, ena amati couta, kutalika kupitirira mkono wanga wonse, ndipo mnyamata atatsegula kukamwa kwake ndinamvetsa chifukwa cha kawaya kaja, mano ake ngati malezala, ulusi wamba ikanangodula kamodzi. Alamu manja amanjenjemera moti chithunzi choyamba nsomba inawapulumuka n'kugwera pansi m'botimo, tonse kukweza mapazi. Inali imodzi yomweyo tsiku lonse. Kaputeni anati mmamawa zikanakhala zingapo, sananene mokwiya, anangonena.

Pobwerera cha m'ma 4 koloko madzi anali atadzaza, tinadutsa njira yachidule ija molunjika, pamwamba pa mchenga womwe tinakankhapo boti, ndipo anatitsitsa pafupi penipeni ndi mpanda, mtunda wonse tinayenda mmawa uli pansi pa madzi pamodzi ndi patapata wanga. Ine ndimangofuna pogona pomwe sipakugwedezeka, msana ndi kumbuyo kwa miyendo zitapsa ndi dzuwa la posambira paja chifukwa mafuta oteteza ndinadzola kumaso kokha. Koma alamu anali atakokera kale kaputeni pambali kufunsa ngati boti lili ndi anthu mawa, kuwedza kokhakokha, ndipo ndinawamva akufunsa mwaulemu kuti tifike 6 koloko eti bwana? Kaputeni anatulutsa foni, kuyang'ana kandandanda kaja, n'kunena kuti madzi amachedwerako pafupifupi mphindi 50 tsiku lililonse, mawa mubwere 10 to 7. Alamu anatchera alamu ya pa foni pomwepo, 5 koloko, n'kutcheranso ina pa foni yanga osandifunsa.