Zikomo nonse amene munatumiza chigumu kwa mwana wanga

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ku Johannesburg. Mwezi watha anamuchita opaleshoni, ndipo atatuluka m'chipatala chakudya sichinkalowa. Pafoni mawu ake anali otsika kwambiri: "Amayi, ndikungolakalaka chigumu chanu cha nthochi." Ndinagona osagona.

Kuno ku Thyolo nthochi zinachepa chibwerereni matenda a chisaka, ine kumunda ndilibe ndi phata lomwe. Mayi wina wogulitsa pa msika wa Bvumbwe atamva nkhaniyi, anandisankhira zakupsa kwambiri, zamadontho akuda, n'kukana ndalama. Anzanga oyandikana nawo anabweretsa ufa wa mgaiwa ndi makala. Tinakhala pakhonde mpaka usiku, makala ena pansi pa poto, ena pachivundikiro, tikusuzumira mpaka pamwamba pafiira.

Koma amene sindidzawaiwala ndi amayi aja ndinawapeza pa Wenela akukwera basi. Sitinkadziwana n'komwe. Anaika kaphukusiko m'chikwama chawo cha m'manja, ulendo wonse wodzera ku Mwanza, Tete ndi Beitbridge, ndipo atafika anakaperekeza okha mpaka pakhomo. Dzina lawo andiletsa kutchula.

Mwanayo akuti atamasula nsalu anayamba kaye walira. Anadya kachidutswa ndi tiyi, mawa lake anapempha phala, kenako nsima. Mankhwala amene ankamuzunguza mutu chifukwa chomwa m'mimba mulibe kanthu tsopano akumwa bwinobwino. Dzulo wayenda yekha kukafika kumsewu, ndipo anandiimbira akuseka, akufunsa muyezo wa soda.

Amayi inu, Mulungu akudalitseni.